Nkhalango imadzuka usiku: mafunso ndi mayankho kwa ofuna kukaona akadziwotche pa Phiri la Zomba

Kutentha kukafika povuta m'tauni, anthu ambiri akapeza mpata kumathero a sabata amathamangira kunyanja. Alipo ena ochepa amene amakwera phiri, n'kukachita lendi kanyumba ka alendo m'nkhalango kuti akapitidweko mphepo. Koma ngakhale iwowa, dzuwa likangolowa amakoka makatani n'kuyamba kukanda foni, pamene kunjako zamoyo zambiri za m'nkhalangomo zikungoyamba kumene tsiku lawo. Zochuluka kwambiri mwa zamoyozo ndi agulugufe ausiku, amene ambirife timawatcha akadziwotche. Nawa mayankho a mafunso amene munthu angakhale nawo asananyamuke.

Kodi kadziwotche ndi gulugufe si chinthu chimodzi?

Ndi apachibale, a fuko limodzi, koma amasiyana. Choyamba yang'anani tinyanga ta kumutu. Ta gulugufe wa masana n'towonda, tokhala ndi kachibonga kunsonga. Ta kadziwotche tilibe kachibongako: timangosongoka, ndipo mwa amuna a mitundu ina timakhala ndi timanyenje mbali zonse ziwiri. Gulugufe akatera amakonda kuimika mapiko n'kuwaphatikiza pamwamba pa msana, pamene kadziwotche amawayala kapena kufunditsa nawo thupi lake, lomwe nthawi zambiri limakhala lonenepa ndi laubweya. Fumbi lija limatsalira pa zala mukamugwira si dothi ayi, ndi timamba tating'ono kwambiri timene timakuta mapiko ake ndi kuwapatsa mtundu.

Kunena za kuchuluka, agulugufe a masana ndi kagulu chabe. Mitundu yawo yodziwika pa dziko lonse sikwana 20,000, pamene ya akadziwotche ili pafupifupi 160,000, ndipo chaka chilichonse akatswiri amatulukira ina yatsopano, makamaka m'maiko otentha ngati athu ano.

Tizilombo totuwa timene timagwera m'ndiwo tija, pali chokongola choti munthu n'kukwerera phiri?

Otuwawo alipodi ambiri, ndipo ndi amene timakumana nawo m'khitchini. Koma kuweruza akadziwotche onse potengera iwowa n'kulakwira mtundu wonse.

Muli wina m'dziko muno, akatswiri amamutcha Argema mimosae, wobiriwira mowala, wotambasula mapiko mpaka masentimita 12, ndipo mapiko ake akumbuyo amathera m'michira iwiri yaitali yopotoka kunsonga. Mbozi zake zimadya masamba a mfula. Wina ndi Bunaea alcinoe, wofiirira, wa mizere yoyera. Akakhala phee simungamusiyanitse ndi tsamba louma, koma mukamukhudza amatsegula mapiko akumbuyo n'kuonetsa madontho awiri akuluakulu ooneka ngati maso a nyama yolusa, ndipo mbalame yofuna kumujompha imayamba yakayika. Palinso Daphnis nerii, wamawangamawanga obiriwira ndi apinki, wothamanga kwambiri pouluka. Ndiye pali Acherontia atropos, amene pamsana pake pali chizindikiro chofanana ndi chigaza cha munthu. Ameneyu mukamugwira amalira kuti tswii, ndipo ali ndi khalidwe lolowa m'ming'oma ya njuchi kukamwa uchi. Alibe ululu uliwonse, ngakhale kuti anthu a ku Ulaya akhala akumuopa kwa zaka mazanamazana.

Ang'onoang'ononso musawadumphe. Ambiri amaoneka otuwa chifukwa tikuwaonera patali. Ajambuleni ndi foni n'kukulitsa chithunzicho, mudzapeza mizere yagolide, madontho asiliva, ndi ena otengera ndendende khungwa la mtengo, ndere kapena chitosi cha mbalame kuti adani awapitirire.

Nthawi yabwino ndi iti?

Kuyambira mvula yoyamba, chakumapeto kwa Novembala, mpaka Malichi. Ambiri amatha miyezi yachilimwe ali m'zikwa kapena atagona m'nthaka, ndipo chinyezi cha mvula yoyamba ndicho chimawatulutsa, nthawi yomwe mitengo yaphukira masamba anthete oti ana awo adye. Ndi nyengo yomweyo imene ngumbi zimatuluka.

Usiku wake ukhale wofunda, wa mitambo, wopanda mphepo, ndiponso wa mdima. Mwezi ukakhala wathunthu nyale yanu yowakokera imachepa mphamvu ndipo obwera amakhala ochepa, choncho onani kalendala n'kusankha sabata imene mwezi uli kumdima. Mvula yowaza siwaletsa. Imawaletsa ndi mphepo ndi kuzizira. Kukagwa mvula masana n'kukata madzulo, kunja n'kukhala thukuta lokhalokha, dziwani kuti mwapeza usiku wake.

Nanga n'chifukwa chiyani mwasankha Zomba?

Chifukwa n'pofikirika, ndipo pali pogona m'kati mwenimweni mwa nkhalango. Mzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko lino mpaka 1975, uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre, ndipo msewu wokwera phirilo ndi wa tala. Munthu woweruka Lachisanu masana akhoza kukafika pamwamba kusanade. Phirili, lomwe nsonga zake zina zimapitirira mamita 2,000, linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1913. Pamwambapo pali hotela ya Ku Chawe, tinyumba tochititsa lendi ndi malo omangapo matenti, komanso damu la Mulunguzi, mathithi a Williams ndi a Mandala, ndi dzenje la Chingwe.

Posankha kanyumba, funso lofunika si kukula kwa chipinda koma mitengo imene yazungulira khonde. Mbali yaikulu ya phirili ndi minda ya paini, mtengo wochokera ku Mexico, ndipo mbozi zathu zimene zimadya paini n'zochepa. Mukayatsa nyale pakati pa paini yekhayekha mudzagwira njakata. Funani malo oyandikana ndi mitengo yachilengedwe, makamaka m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, kapena m'munsi mwa phiri mmene mwatsalira mitengo ya miombo. Malo abwino koposa ndi pamene nkhalango ikukumana ndi dambo kapena udzu, chifukwa mumalandira alendo a mbali zonse ziwiri.

A m'chigawo chapakati safunika kuchita kubwera ku Zomba. Nkhalango ya Ntchisi ndi ya Dzalanyama zili ndi pogona alendo, kumpoto kuli Luwawa m'mapiri a Viphya, ndipo olimba miyendo ali ndi tinyumba ta pamwamba pa Mulanje.

Ndinyamule chiyani?

Nsalu yoyera ya pabedi, chingwe, zopanira zovala, nyale, tochi ndi foni. Basi. Mangani chingwe pakati pa mizati iwiri ya khonde kapena mitengo iwiri, yanikani nsaluyo kuti ilendewere mpaka pansi, mbali ina iyalike padothi kuti ogwa muziwaona ndipo musawaponde. Nyale ipachikidwe kutsogolo kwa nsaluyo, chakumtunda. Nyale zina zonse za panyumbapo zimitsani.

Si nyale iliyonse imene imakoka bwino. Maso a akadziwotche amamva kwambiri kuwala kwa UV ndi kwa mtundu wa buluu, n'chifukwa chake babu loyera mbee limaposa lachikasu. Akatswiri amagwiritsa ntchito mababu apadera a UV, koma nyale yoyera ya sola kapena yotchaja imagwira ntchito ndithu pamalo a mdima weniweni. Pansi pa nsaluyo ikanipo mathireyi a mazira atatu kapena anayi. Ambiri akatopa amakabisala m'maenje ake, ndipo mudzawaona bwino atafatsa.

Pali ena amene nyale saiwerengera koma sangapirire fungo la chinthu chosasa. Amenewa akonzereni nyambo: nthochi zakupsa mpaka kuda, shuga, ndi masese pang'ono, zikanyidwe pamodzi n'kukhala tsiku lathunthu m'chigubu. Dzuwa likamalowa pakani phalalo pa makungwa a mitengo ingapo, pofika m'chifuwa, kenaka muziyendera ndi tochi pakapita theka la ola. Mudzaona timaso tawo tikunyezimira mofiira. Mlendo wosalephera pa nyambo yotere ndi Sphingomorpha chlorea, yemwe ndi wodziwika m'maiko onse a kuno kummwera chifukwa chotera pa matambula a anthu akamamwa madzulo pakhonde. Musawalitse tochi mwadzidzidzi pankhope pawo. Yambani kuunika pansi n'kumakweza pang'onopang'ono.

Nthawinso imasintha alendo. Ola loyamba kukada kumadzaza ang'onoang'ono, pamodzi ndi ngumbi ndi zikumbu. Akuluakulu aja ambiri amachedwa, ena mpaka pakati pa usiku kupitirira. Wogona 9 koloko amamva za iwo kwa anzake m'mawa.

Kodi chimawakokera pa nyale n'chiyani?

Kwa nthawi yaitali anthu ankati amayesa nyaleyo mwezi, ena ankati amafuna kutentha. Mu Januwale 2024 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Samuel Fabian wa ku Imperial College London ndi Yash Sondhi linafalitsa zimene linapeza litajambula tizilombo touluka ndi makamera othamanga kwambiri, m'chipinda choyesera zinthu komanso m'nkhalango ya ku Costa Rica. Anaona kuti tizilomboti sitilunjika pa nyale. Chimene timachita n'kutembenuzira msana kumene kukuchokera kuwala.

Chifukwa chake n'chomveka. Kachilombo kopepuka kakamauluka mokhotakhota mumdima, n'kovuta kuti kadziwe kumwamba ndi kuti, pansi ndi kuti. Kuyambira kalekale chizindikiro chodalirika chinali chakuti kumwamba kumawala kuposa pansi, ngakhale usiku. Kakaloza msana kowalako, ndiye kuti kali chilili bwino. Tsono munthu akayatsa babu pambali pake, kachilomboko kamapendekera kubabuko n'kuyamba kulizungulira osatha kuchoka. Kakadutsa pamwamba pa babu kamagadabuka chagada n'kugwa. Akatswiri aja atawalitsa nsalu yoyera yoyalidwa pamwamba, kuti kuwala kuchokere kumwamba monga mwa chilengedwe, tizilomboto tinkadutsa bwinobwino. Choncho kadziwotche sakonda moto. Timamusokoneza ndife.

Ngati zili choncho, kodi kuyatsa nyaleyo si kuwazunza?

Funso ili n'loyenera, ndipo yankho lake n'lakuti zimatengera mmene mwachitira. Usiku umodzi, maola owerengeka, sipakhala vuto lalikulu. Koma kumbukirani kuti akuluakulu a banja la Argema ndi Bunaea alibe pakamwa pogwira ntchito. Sadya chilichonse, amakhala ndi moyo pafupifupi sabata imodzi, akudalira mafuta amene anasunga ali mbozi, ndipo ntchito yawo ndi imodzi yokha, kupeza mnzawo n'kuikira mazira. Usiku umene wathera pa babu ndi gawo lalikulu la moyo wake.

Ndiye mukamaliza kuona, zimitsani nyale, kutumulani nsaluyo mofatsa, ndipo otsalira muwaike m'masamba kusanache. Mukawasiya pakhoma loyera mpaka m'mawa, mwakonzera phwando apumbwa, abuluzi ndi nyerere. Osawagwira mapiko, ikani chala kutsogolo kwa miyendo yawo, amakwera okha. Ndipo musayatse pamalo amodzimodzi masiku otsatizana ambiri.

Chimene chimawapha kwenikweni si nsalu ya mlendo wa masiku awiri, koma mababu a chitetezo oyaka usiku wonse chaka chathunthu. Eni malo ogona alendo a m'nkhalango angachite bwino kuika mababu achikasu, ovindikira pamwamba kuti aziunika pansi pokha, kapena oyaka pokhapokha munthu akamadutsa. Ndalama ya magetsi imatsikanso.

Pali ubale wanji pakati pa akadziwotche ndi matondo amene timadya?

Ndi kholo ndi mwana. Matondo, mphalabungu ndi mbozi zina zimene amayi amagulitsa pamsika zitauma ndi ana a akadziwotche, ambiri mwa iwo a banja la akuluakulu lija. N'zodabwitsa kuti munthu akhoza kukula akudyera nsima ndiwo imeneyi koma osaonapo mayi wake wa mboziyo, mwinanso anamupha ndi tsache pakhonde osadziwa. Mbozi ikakhuta imatsika mumtengo n'kulowa m'nthaka, khungu lake n'kuuma, n'kugona mmenemo miyezi yambiri mpaka nyengo yake itakwana, pamene imatuluka ili ndi mapiko.

Ku Kasungu, mu 1990, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire inayamba kulola anthu a m'midzi yozungulira paki kulowa kukatola matondo pa nyengo yake, pofuna kuti nawonso aone phindu la kusunga nkhalango. Mitundu iwiri imene amatola kumeneko ndi Gonimbrasia belina ndi Gynanisa maja, ndipo woyambayo ndi yemwe mbozi zake ndi malonda aakulu ku Zimbabwe, Botswana ndi South Africa. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Brian Morris, amene anakhala m'Malawi zaka zambiri, analemba buku lathunthu lotchedwa Insects and Human Life, lotuluka mu 2004, lofotokoza mmene Amalawi amadziwira ndi kugwiritsira ntchito tizilombo, mbozi zodyedwa zili momwemo.

Zinthu zitatu zimathetsa ndiwo imeneyi. Kugwetsa mtengo wonse pofuna kutola mbozi zili kunsonga n'kuwononga kumene mbozi za chaka chamawa zikanadyera. Moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala umapsereza masamba anthete pamodzi ndi mazira. Ndipo kutola zonse osasiyako zolowa pansi kumachititsa kuti chaka chinacho pasakhale woikira mazira. Madera amene akuluakulu amadandaula kuti matondo anatha, mukafufuza mudzapeza kuti mitengo ya miombo ndi imene inayamba kutha.

Koma mlimi angakonde bwanji kadziwotche, pamene mbozi zikumaliza chimanga?

Mlimi ali ndi chifukwa chokwiyira. Kapuchi ndi mwana wa kadziwotche. Ntchemberezandonda nazonso. Mbozi yachilendo ija yochokera ku America, Spodoptera frugiperda, inaoneka koyamba kumadzulo kwa Africa kumayambiriro a 2016, ndipo pofika Disembala 2017 inali itawononga minda yambiri moti Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 a dziko lino ali pa ngozi. Mayi wake ndi kakadziwotche kotuwa kosaoneka kanthu, kotha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi ndi kuikira mazira oposa 1,000.

Komabe owononga mbewu ndi ochepa zedi poyerekeza ndi mitundu zikwizikwi imene ilibe nazo ntchito za m'munda mwathu. Ndipo adani a mbozi za m'chimanga, monga mbalame, mileme, mavu ndi nyerere, amakhala ndi moyo chaka chonse chifukwa cha mbozi zina za m'tchire. Wothira mankhwala mosasankha amapha wakuba pamodzi ndi mlonda. Kudziwa kusiyanitsa n'kothandiza mlimi yemweyo: misampha ija alangizi amapachika m'minda imagwiritsa ntchito fungo la kadziwotche wamkazi kukoka amuna a mtundu umodzi wokha, kuti adziwe msanga mliri ukamayandikira. Fungo loyamba la mtundu umenewu analitulukira katswiri wa ku Germany, Adolf Butenandt, mu 1959, pofufuza kadziwotche wa silika.

Ntchito ina imene amagwira ndi yotani?

Amanyamula mungu usiku, njuchi zitagona. Maluwa oyera, onunkhira kwambiri madzulo, a khosi lalitali, ambiri amadikira iwowa. Ku Kenya katswiri Dino Martins anaonetsa kuti mapapaya a alimi ang'onoang'ono amabereka chifukwa cha akadziwotche othamanga a banja la Daphnis nerii uja, otenga mungu ku mtengo wamphongo kupita nawo ku waukazi, ndipo minda yoyandikana ndi tchire ndiyo inkalandira alendo ambiri. Mmodzi wa banja limeneli, Agrius convolvuli, mbozi yake imadya kholowa, koma iye mwini ali ndi lilime lotalika kuposa thupi lake, ndipo amamwa timadzi ta m'duwa ali m'malere osatera.

Nkhani yotchuka pa zimenezi ndi ya Charles Darwin. Mu 1862 analandira duwa lochokera ku Madagascar lokhala ndi kampope ka timadzi kotalika pafupifupi masentimita 30, ndipo ananena kuti kuyenera kuti kuli kadziwotche wa lilime lotalika chomwecho. Anamwalira mu 1882 asanamuone. Kadziwotcheyo anapezeka mu 1903, ndipo anthu anadzamuona akumwa m'duwalo mu 1992. M'bale wake wapafupi, Xanthopan morganii, amapezeka kumtunda kuno kwa Africa.

Ndikuona mileme ikuzungulira nyale. Ikufuna chiyani?

Ikufuna alendo anuwo, ndipo mukuonerera nkhondo yakale kwambiri. Mleme umasaka potulutsa mawu okwera kwambiri, oti khutu la munthu silingamve, n'kumvetsera mmene akubwererera akagunda chinthu. Akadziwotche ambiri ali ndi makutu, ena m'chiuno, ena pamimba, omva mawu amenewa. Yang'anitsitsani kumene kuwala kwa nyale kukuthera: mudzaona wina akuuluka bwinobwino kenaka mwadzidzidzi n'kudzigwetsa pansi. Wamva mleme. Kadziwotche wina wamng'ono amene mbozi zake zimawononga zisa m'ming'oma ya njuchi amamva mpaka makilohezi 300, pamene munthu amalekezera pa 20.

Akuluakulu opanda pakamwa aja alibenso makutu, ndiye ali ndi njira zina. Michira ya Argema mimosae si yokongoletsa chabe. Akatswiri a ku Boise State University ku America anaonetsa kuti ikamapota pouluka imasokoneza mawu obwerera aja, mleme n'kuluma mchira m'malo mwa thupi. Ndiye mukaona wina mchira uli woduka, dziwani kuti anapulumuka. A ku yunivesite ya Bristol nawo anapeza mu 2018 kuti timamba ta pa mapiko a Bunaea alcinoe timameza mawu a mleme kuti asabwerere.

Kupatula akadziwotche, usiku ndingaonenso chiyani?

Zambiri mudzazimva musanazione, choncho yambani mwakhala chete pakhonde. Kulira kofanana ndi kwa khanda kochokera m'mitengo ndi changa. Mukaunika m'nthambi, tochi ili pafupi ndi diso lanu, mudzaona maso ake awiri ofiira. Achule a m'mabango amayamba mvula ikangogwa, ndipo m'mbali mwa mitsinje mumakhala ziphaniphani. Pamsewu wadothi mukhoza kudzidzimutsa lumbe, mbalame yosaka tizilombo touluka usiku. M'nkhalango za miombo, miyezi yomweyi, mumabwera mtundu wa lumbe amene tambala wake amamera nthenga ziwiri zazitali zoyera, imodzi phiko lililonse. Amabwera kudzaswa kuno, kenaka n'kubwerera kumpoto kwa Africa yapakati.

Bilimankhwe, amene masana mungamudutse kakhumi osamuona, usiku amapezeka mosavuta. Akagona amatuwa, ndipo amakonda kugona kunsonga kwa kanthambi, choncho tochi imamuonetsa msanga. Alibe ululu ndipo salodza munthu. Chimodzimodzi kadzidzi. Ndikudziwa kuti ambirife tinakula tikuuzidwa kuti akalira padenga ndiye kuti kugwa maliro, ndipo chifukwa cha mantha amenewa akadzidzi ambiri aphedwa ndi malegeni. Kadzidzi wa m'nkhalango akamalira usiku amakhala akuitana mkazi wake kapena kuchenjeza anzake za malire, ndipo chakudya chake ndi makoswe ndi tizilombo. Mwana amene wamuona ndi maso ake atatera panthambi, akuphethira pa kuwala kwa tochi, sadzamugendanso.

Palibe zoopsa?

Zilipo, koma si zimene anthu amaziganizira. Anyalugwe alipo ochepa m'mapiri athu ndipo amathawa anthu. Chofunika kusamala nacho ndi pansi pamene mukuponda: mphiri sithawa, imangokhala phee, choncho valani nsapato zotseka ndi buluku lalitali, ndipo musayende opanda tochi ngakhale popita kuseri kwa nyumba. Linthumbu limayenda kwambiri nyengo ya mvula, mukaliona lambalalani.

Pa nsalu penipeni pali kachilombo kamodzi koyenera kukadziwa. N'kowonda, kosakwana sentimita imodzi, kamizere yakuda ndi yofiirira, kooneka ngati nyerere yaitali. Sikaluma, koma mukakatswanyira pakhungu madzi ake amawotcha, ndipo tsiku lotsatira pamatuluka matuza. Kakakuterani kauzireni mpweya kuti kachoke. Ngati mwakatswanya, sambani msanga ndi sopo ndipo musagwire m'maso. Mbozi zaubweya, za mtundu wa chiyabwe, ziyang'aneni ndi maso okha. Neti ya udzudzu nyamulani, ngakhale pamwamba pa phiri udzudzu umachepa. Ndipo ngati mukufuna kuyenda patali ndi kanyumba usiku, pitani ndi wolondolera alendo wa pamalopo, amene amadziwa njira ndi maphompho ake.

Kukacha ndiye kuti zatha?

Ayi, dzukani mbandakucha. Pa matope a m'njira mudzapeza mapazi a mbawala ndi agwape, minga ya nungu, ndi pamene nguluwe zafukula. M'mitengo yachilengedwe mumadutsa nchima, ndipo nkulukulu ikauluka mumaona kufiira kwa mapiko ake. Muli kambalame kena kachikasu pakhosi, Apalis flavigularis, kamene pa dziko lonse lapansi kamapezeka m'mapiri a Zomba, Malosa ndi Mulanje okha. Iko ndi mbalame zina zambiri zimalera ana awo ndi mbozi, ndipo n'chifukwa chake zimaswa nyengo yomweyi. Anyani musawapatse chakudya. Akazolowera amayamba kulanda, mapeto ake amaphedwa.

Kodi ndingatengeko ena kupita nawo kunyumba?

Jambulani basi. Kutenga zamoyo m'nkhalango yotetezedwa kumafuna chilolezo cha a zankhalango, ndipo kadziwotche wakufa amafwifwa msanga. Chithunzi chabwino chimafuna kuti muunike ndi tochi chapambali, foni ili pafupi, ndipo pambali pake muikepo ndalama yachitsulo kuti kukula kwake kudziwike.

Zithunzizo zingathandize ndani?

Zingathandize dziko lino kuposa mmene mukuganizira. Ku Germany, mu 2017, kunatuluka lipoti losonyeza kuti tizilombo touluka m'malo otetezedwa 63 tinachepa ndi magawo oposa 75 pa 100 alionse m'zaka 27. Anadziwa zimenezi chifukwa anthu wamba okonda tizilombo a mumzinda wa Krefeld ankatchera ndi kuyeza chaka ndi chaka osatopa. Ife tikuona ndi maso mmene moto, macheka ndi makala zikumetera Phiri la Zomba, koma zimene zikutha pamodzi ndi mitengoyo tidzazidziwa pokhapokha wina atalemba zimene zilipo lero.

Pa intaneti pali iNaturalist, pamene munthu aliyense amaika chithunzi, malo ndi tsiku, ndipo odziwa a m'maiko osiyanasiyana amathandiza kutchula dzina, kwaulere. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947, lili ndi nthambi ku Zomba ndi makalabu m'sukulu zambiri. Aphunzitsi oyendetsa makalabuwa safunika ndalama zambiri kuti achititse usiku wa nsalu ndi nyale. Ndiponso funsani agogo maina a mbozi zimene ankatola, mitengo imene ankazipezamo ndi mwezi wake, n'kulemba pambali pa zithunzizo, chifukwa nzeru imeneyo akatswiri akunja alibe.

Maiko a kumpoto ali ndi sabata yoonera akadziwotche kumapeto kwa Julayi, mwambo umene unayambira ku New Jersey mu 2012. Kwa iwo imeneyo ndi nyengo yotentha, kwa ife ndi pakati pa chisanu pamene nsalu imagona yopanda kanthu. Yathu ikhale mu Disembala, sukulu zikatsekera. Onani tsiku limene mwezi udzakhale kumdima, sungitsani kanyumba koyandikana ndi mitengo yachilengedwe, ndipo ana musawasiye kunyumba.